Mlonda wa maimelo naye amadya

Mwezi watha imelo ya kasitomala wathu yofunsa mitengo inafika patatha maola anayi. Pomwe timayankha, munthuyo anali atagula kwina. Poti ndine ndimayang'anira seva ya maimelo pakampani yathu yaing'onoyi, maso onse anali pa ine.

Nditafufuza, ndinapeza kuti seva yathu ya RAM ya 1GB inkabanika. ClamAV, pulogalamu yosaka mavairasi, imasunga mndandanda wake wonse mu RAM, ndipo payokha imafuna yoposa 1GB. SpamAssassin nayo imayeza imelo iliyonse ndi malamulo mazanamazana n'kuipatsa mapointi; akakwana 5, basi imeneyo ndi spam. Zinyalala zikachuluka, imelo yabwinobwino imaima pamzere ngati kuchigayo.

Ndinachita ziwiri. Ndinawonjezera RAM kufika 4GB. Kenako ndinatsegula postscreen ya Postfix kuti izifunsa mndandanda wa Spamhaus, n'kubwezera pageti makompyuta odziwika ndi spam asanatule katundu wawo. Mzere uja unatheratu.

Ndiye anzanga, mukatsegula Gmail pafoni n'kupeza za "mwawina mamiliyoni" zili kale mu Spam, dziwani kuti kwinakwake makina akhetsa thukuta, ndipo wina walipira.