MABUKU AMENE ALEMBI A NKHANI ZA MBANDA ANALI KUWERENGA KWAO

Mwa mabuku a Cingerezi amene anthu amawerenga popumula, a nkhani za mbanda ali m'gulu la okondedwa koposa. M'nkhani zotere munthu amapezedwa atafa, apolisi amasowa pogwira, ndipo wofufuza wocenjera amalondola mapazi a wakuphayo kufikira atamgwira pa tsamba lotsiriza. Omvera ena angaganize kuti mlembi amene amapha anthu pa pepala caka ndi caka ayenera kukhala ndi nyumba yodzala ndi mabuku a mwazi okha-okha. Makolo enanso amaopa kuti mwana akazolowera nkhanizi adzaphunzira zoipa. Njira yodziwira zoona zace ndiyo kulowa m'nyumba za alembiwo ndi kuona zimene ziri pa mashelefu ao, pakuti buku long'ambika cifukwa ca kuwerengedwa kawiri-kawiri limaulula mtima wa mwini wace.

Tiki ya cakudya

Woyamba kumcezera akhale Sir Arthur Conan Doyle, amene anabadwa ku Edinburgh m'caka ca 1859, ndipo ndiye anapeka wofufuza wochuka uja Sherlock Holmes. Za mashelefu ace sizibvuta kudziwa, cifukwa m'caka ca 1907 iye mwini analemba buku lochedwa Through the Magic Door, m'mene atenga wowerenga ngati mlendo, namuonetsa mabuku a m'cipinda cace limodzi-limodzi.

Pamene anali kuphunzira udotolo, Doyle anali mnyamata wosauka. Tsiku liri lonse anali ndi tiki imodzi yogulira cakudya ca masana. Tsono pa njira yace panali sitolo ya mabuku, ndipo pakhomo pace panali mbiya yaikuru ya mabuku akale, liri lonse mtengo wace tiki yomweyo. Masiku ambiri njala inali kupambana. Koma masiku ena mnyamatayo anali kupirira, nabwerera ndi buku m'malo mwa cakudya. Motero anapeza mabuku a Tacitus, wolemba mbiri ya Aroma, ndi a Jonathan Swift ndi Joseph Addison. Atalemera sanataye mabuku otuwawo, koma anawasunga pa malo aulemu.

Buku limene anati linamkondweretsa ndi kumpindulitsa koposa onse silinali la mbanda ai, koma la Lord Macaulay, losimba za anthu akuru-akuru a m'mbiri. Analitenga pa combo cosaka anamgumi ku nyanja yozizira ya kumpoto m'caka ca 1880, nalitenganso pa ulendo wa ku gombe la kumadzulo kwa Afrika. Wa nkhani zofufuza amene anamlemekeza kwambiri anali Edgar Allan Poe wa ku Amerika, amene m'caka ca 1841 anayamba kulemba za wofufuza wopeza wolakwa mwa kulingalira kokha.

Nyumba ya pa mtsinje wa Dart

Mai Agatha Christie anabadwa ku Torquay, kumwera kwa England, m'caka ca 1890, namwalira m'caka ca 1976 atalemba mabuku 66 a nkhani zofufuza. M'caka ca 1938 anagula nyumba yochedwa Greenway, pa mtsinje wa Dart, ndi mapaundi 6,000. Banja lao linapereka malowo ku bungwe la National Trust m'caka ca 2000, ndipo kuyambira 2009 alendo amaloledwa kulowa m'nyumbamo. Muli mabuku zikwi zingapo a mibadwo ingapo ya banjalo. M'cipinda ca mabuku, pamwamba pa mashelefu, muli zithunzi zimene msilikali wa pamadzi wa ku Amerika anajambula pa khoma pa nthawi ya nkhondo yaciwiri. Nkhondo itatha Mai Christie anakana kuti zifafanizidwe.

Akuru anati m'mera mpoyamba. Amai ao a Agatha anali ndi maganizo akuti mwana asaphunzire kuwerenga asanafike zaka 8, koma kamtsikanako kanadziphunzitsa kokha kali ndi zaka ngati 5. Popeza ali wamng'ono sanali kupita ku sukulu monga ana ena, mabuku a m'nyumba ndiwo anali aphunzitsi ace. Anayamba ndi nthano za ana za Mrs Molesworth ndi Edith Nesbit. Atasinkhuka, amai ace anali kumwerengera mokweza mabuku a Walter Scott ndi Charles Dickens, ndipo mwa a Dickens limene analikonda moyo wace wonse ndilo Bleak House. Mabuku a Alexandre Dumas anawawerenga m'Cifalansa.

Nkhani zofufuza zinadza ndi mkuru wace Madge, amene anamdziwitsa za Sherlock Holmes ndi za buku la Anna Katharine Green la m'caka ca 1878, The Leavenworth Case. Tsiku lina awiriwa ali kukambirana za buku la Mfalansa Gaston Leroux, lonena za cinsinsi ca m'cipinda cotsekedwa, Agatha anati akufuna kulemba lotero. Madge anayankha kuti sangathe. Mau amenewo anakhala mu mtima mwace zaka zingapo, ndipo m'caka ca 1916 analemba The Mysterious Affair at Styles, limene linasindikizidwa m'caka ca 1920.

Mabuku a nchito

Mtundu waciwiri wa mabuku a mlembi wa mbanda ndiwo a nchito, monga mmisiri ali ndi sompho ndi ncheka. Pa nkhondo yoyamba Mai Christie anagwira nchito m'cipatala ca ku Torquay, poyamba ngati namwino, pambuyo pace m'cipinda cosanganiziramo mankhwala, ndipo m'caka ca 1917 anapambana mayeso a nchitoyo. M'mabuku a osanganiza mankhwala anawerenga za ngozi ina: ngati m'botolo la mankhwala opatsa mphamvu, okhala ndi strychnine pang'ono, muthiridwa bromide, poizoniyo imadikha pansi, kotero kuti wodwala amamwa yonse pamodzi pa muyeso wotsiriza. Cenjezo limeneli, lolembedwa kuti liteteze odwala, ndilo linakhala msana wa buku lao loyamba, ndipo nyuzipepala ya osanganiza mankhwala, Pharmaceutical Journal, inayamika bukulo cifukwa ca kulondola kwace.

Kulondola kotere kunapulumutsa moyo. M'buku la The Pale Horse la m'caka ca 1961 anafotokoza bwino-bwino zizindikiro za poizoni yochedwa thallium, makamaka kuthothoka kwa tsitsi. M'caka ca 1977 madotolo a ku London anasimba za mwana wa miyezi 19 wocokera ku Qatar, amene anagonekedwa m'cipatala ca Hammersmith ali pafupi kufa, nthenda yace yosadziwika. Namwino wina amene anali kuwerenga bukulo anaona kuti tsitsi la mwanayo liri kuthothoka, nauza madotolo. Atapima anapeza thallium, yocokera ku mankhwala ophera tizirombo m'nyumba, ndipo mwanayo anacira.

Mwamuna wao waciwiri, Max Mallowan, anali katswiri wofukula mizinda yakale ku Iraq ndi ku Syria, cotero mabuku a mbiri yakale analowanso m'nyumbamo. Pofuna kulemba nkhani ya mbanda yocitika ku Egypt zaka 4,000 zapitazo, Death Comes as the End ya m'caka ca 1944, Mai Christie anabwereka mabuku kwa bwenzi lao Professor Stephen Glanville, namfunsa ngakhale za zakudya za anthu a nthawi imeneyo. Maulendo nawonso anali ngati buku kwa iwo: m'caka ca 1922 anafika ku mathithi a Victoria Falls, ndipo mtsinje wa Zambezi unalowa m'buku lao la m'caka ca 1924, The Man in the Brown Suit.

Mabuku a pa mtsamiro

Mtundu wacitatu ndiwo mabuku amene mlembi amawerenga pofuna kudyetsa mtima wace. Pafupi ndi kama wao Mai Christie anali kusunga buku la mapemphero la Thomas à Kempis, limene linali la amai ao. Anadziwa Shakespeare kwambiri, kotero kuti maina a mabuku ao ena, monga Sad Cypress ndi Taken at the Flood, anacokera m'masewero ace. Pofuna kuseka anali kuwerenga P. G. Wodehouse, ndipo buku lao la m'caka ca 1969 analipereka kwa iye. Anabvomerezanso poyera kuti Graham Greene, Elizabeth Bowen ndi Muriel Spark anali kulemba mwa luso limene iwo sakanalifikira.

Mnzao Dorothy L. Sayers anapitirira pamenepo. M'caka ca 1944, pobisala mabomba a adani, anatenga buku la Dante, wolemba ndakatulo wa ku Italy wa zaka 700 zapitazo. Linamgwira mtima kotero kuti anathera zaka zace zotsala polimasulira m'Cingerezi. Gawo loyamba linaturuka m'caka ca 1949, laciwiri m'caka ca 1955, ndipo imfa inampeza m'caka ca 1957 asanatsirize lacitatu.

Cifukwa cace alembi awa anawerenga zotere ncosabisika. Njira zophera munthu nzowerengeka, ndipo buku limodzi la mankhwala likhoza kuzichula. Koma cimene cimacititsa munthu wooneka waulemu kupha mbale wace, kaya ndi nsanje, kaya umbombo, kaya mantha, cimaphunziridwa kwa alembi amene anasanthula mtima wa munthu. Wacinyamata amene afuna kulemba nkhani zofufuza m'cinenero cace asadikire kuti akhale ndi nyumba ngati Greenway. Shelefu ya Conan Doyle inayamba ndi tiki imodzi ndi mimba ya njala.