Mneneri wa bungwe: kodi nchito yake ndi yotani?

Kawirikawiri pa nkhani za pa wailesi timamva mau a mneneri wa unduna, wa apolisi kapena wa kampani. Munthu ameneyu amagwira nchito imene pa Cingerezi imachedwa public relations, kutanthauza kusunga ubale wabwino pakati pa bungwe ndi anthu amene limawatumikira.

Mneneri amalemba zilengezo, amaitana amtolankhani ku misonkhano ndi kuyankha mafunso ao. Amamvetseranso madandaulo a anthu ndi kuwafikitsa kwa akuluakulu a bungwe. Amasiyana ndi wotsatsa malonda: wotsatsa amalipira kuti katundu wake adziwike, koma mneneri amafuna kuti anthu azikhulupirira bungwe lake.

Kufunika kwa nchitoyi kumaoneka pa nthawi ya mavuto. Mu January 2024, pamene matenda a kolera anakula mu Lusaka, bwalo la National Heroes linasandutsidwa cipatala ndipo masukulu anacedwa kutsegulidwa. Anthu anafunika kuuzidwa msanga kumene angapereke odwala ndi mmene angatetezere madzi akumwa. Uthenga wotere ukacedwa, mphekesera zimatenga malo ake, ndipo miyoyo imatayika.

Mu 2022, Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa bungwe la Zambia Institute of Public Relations and Communication kuti lizilembetsa ogwira nchitoyi ndi kuyang'anira khalidwe lao. Cuma ca mneneri ndi coonadi: akanama kamodzi, mau ake a mawa sadzamveka.