Goldfinger: filimu yokoma, koma Bond si wotengera chitsanzo

Mu 1964, chaka chomwe Malawi idalandira ufulu wodzilamulira, ku London kudatuluka Goldfinger, filimu yachitatu ya kazitape James Bond. Padutsa zaka zoposa 60, koma ikadali m'gulu la mafilimu akale omwe achinyamata timapatsirana pa foni kapena kuikitsa pa memory card, kaya ndi m'tauni kaya pa Phalula pano. Funso langa ndi lakuti: kodi ndi yoyenera kuithera bandulo? Ndikuti inde, bola muionere maso ali tcheru.

Mphamvu yake yoyamba ndi nzeru za chigawenga. Auric Goldfinger sakufuna kuba golide wa boma la America yemwe amasungidwa ku Fort Knox. Akufuna kuphulitsamo bomba la nyukiliya kuti golideyo asagwiritsidwenso ntchito kwa zaka zambiri, wake yekha akwere mtengo. Ife a kuno ku Balaka, komwe chilala sichachilendo, nzeru imeneyi timaidziwa: chimanga chikasowa pamsika, yemwe adasunga matumba ndiye amatchula mtengo. Chigawenga chotere chimaopsa chifukwa timachiona ndi maso.

Chachiwiri ndi kapangidwe. Sean Connery amasewera Bond mosadzivuta. Galimoto yake, Aston Martin DB5, ili ndi mfuti komanso mpando wotaya munthu kunja. Oddjob, wantchito wa Goldfinger, amapha ndi chipewa chokhala ndi chitsulo m'mphepete. Zonsezi adazijambula popanda makompyuta amakono, ndipo filimuyi idapata mphoto ya Oscar pa kakonzedwe ka phokoso. Nyimbo yotsegulira, yoimbidwa ndi Shirley Bassey, siichoka m'mutu msanga.

Koma zofooka zilipo. Taonetsetsani theka lachiwiri: Bond amangokhala mkaidi. Yemwe adasokoneza chiwembu ndi Pussy Galore, mayi woyendetsa ndege, yemwe adasinthitsa mpweya wapoizoni n'kutsina khutu boma. Ngakhale bombalo adalizimitsa ndi munthu wina, Bond akungogwiragwira mawaya. Ulemu wonse n'kupita kwa iye!

Chondivuta kwambiri ndi momwe filimuyi imaonetsera akazi. Jill Masterson amafa atapakidwa penti yagolide thupi lonse, m'bale wake Tilly amaphedwa ndi chipewa chija, nkhani n'kumapitirira ngati palibe chachitika. Kenako m'khola la mahatchi Bond amakakamiza Pussy Galore kupsompsonana, mayiyo akukana ndi kumukankha, mpaka agonja. Filimu imationetsa zimenezi ngati chikondi. Ayi, kumeneko ndi kugwiririra. Mnyamata wa zaka 15 yemwe akuonera pa foni ya mkulu wake akhoza kutolapo phunziro loipa, lakuti mtsikana akakana ndiye kuti akufuna umukakamize. Lamulo lathu la Gender Equality Act la 2013 limaletsa khalidwe lotere, ndipo kukhoti simungakanene kuti mudaonera Bond.

Nanga tiitaye? Ayi. Ioneni, sangalalani ndi galimoto ija, muonenso momwe umbombo umagwirira ntchito. Koma ngati mukuonera ndi achimwene anu aang'ono, mukafika pa khola la mahatchi imitsani kaye, muwafunse zomwe aona. Akayankha kuti Bond ndi dolo, dziwani kuti muli ndi ntchito.