Joyce Mhango Chavula: Mtsikana wa Zisudzo za Kusukulu Amene Anafika pa Kanema

Makolo ambiri akamva kuti mwana wawo wamkazi waloŵa gulu la zisudzo kusukulu, mtima sukhala m'malo. Kwa iwo sewero ndi chibwana chotayitsa nthaŵi ya mabuku, ndipo mtsikana woima pamaso pa khamu la anthu amamuyesa wopanda manyazi. Maganizo otere sanathe, m'mizinda ngakhalenso kumidzi monga kwa Lobi m'boma la Dedza, kumene mtsikana akaŵeruka kusukulu amayenera kuthamangira kudimba kapena kuchitsime. Koma mbiri ya Mai Joyce Mhango Chavula ikusonyeza kuti luso loyambira m'kalasi, madesiki atakankhidwira kukhoma, lingathe kukhala ntchito yodyetsa munthu ndi kutchukitsa dziko.

Maiŵa anayamba zisudzo ali kusekondale, kudzera m'mipikisano ya ATEM, bungwe la aphunzitsi a Chingerezi m'Malaŵi. Cholinga cha mipikisanoyi n'chakuti ophunzira azoloŵere kulankhula Chingerezi mosadodoma. Koma amene analoŵapo amadziŵa kuti imaphunzitsanso zina. Wophunzira amaloŵeza mawu ambirimbiri pamtima, amaphunzira kukweza mawu kuti wokhala kumbuyo amve, amasunga nthaŵi ndiponso amagonjera womutsogolera. Ngakhale Du Chisiza Jr., amene anakhazikitsa gulu la Wakhumbata Ensemble Theatre m'chaka cha 1987, anayamba kudziŵika m'mipikisano yomweyi.

Atamaliza sukulu, Mai Chavula anaseŵera m'magulu angapo, kuphatikizapo la Wanna Do Ensemble Theatre. Gululi linali la Gertrude Kamkwatira, mai amene anatsogolera Wakhumbata pambuyo pa imfa ya Chisiza m'chaka cha 1999, kenaka n'kuyambitsa lakelake. Kamkwatira ankalemba yekha maseŵero, kuwatsogolera ndi kuseŵeramo, pa nthaŵi imene ntchito zoterezi zinali m'manja mwa abambo. Iye anamwalira m'chaka cha 2006, koma anasiya atatsimikiza kuti munthu wamkazi angathe kukhala mwini gulu, osati wongoitanidwa kudzalira kapena kudzakongoletsa bwalo.

Chitsanzo chimenechi ndicho chinalimbitsa mtima Mai Chavula. M'chaka cha 2009 anasiya ntchito ya malipiro a pamwezi, yoyang'anira za malonda, nakhazikitsa gulu lawo lotchedwa Rising Choreos. Sichinali chinthu chapafupi. Gulu la zisudzo limadya ndalama sewero lisanaonetsedwe n'komwe: holo njolipira, zovala nzogula, galimoto yonyamula oseŵera njobwereka, ndipo mvula ikagwa tsiku la chionetsero mipando imakhala yopanda anthu. Komabe m'chaka cha 2011 gululi linayenda m'zigawo zonse zitatu za dziko lino ndi sewero lotchedwa The Return, m'mene Amalaŵi anaseŵera pamodzi ndi Patience Ozokwor, katswiri wa mafilimu a ku Nigeria.

Kuchoka pa bwalo la zisudzo kupita pa kanema kuli ngati kuyambanso sukulu. Pabwalo woseŵera amatambasula manja ndi kukweza mawu, ndipo akalakwitsa amapitirira popeza anthu ali pomwepo. Kamera sifuna zotero. Imayandikira nkhope ndi kugwira ngakhale kuphethira kwa diso, kotero kuti wozoloŵera kufuula amaoneka wabodza. Gawo limodzi lingabwerezedwe kakhumi, ndipo nthaŵi zina mapeto a nkhani amajambulidwa chiyambi chisanajambulidwe. Mai Chavula anaphunzira zonsezi mwa kugwira ntchito kutsogolo ndi kumbuyo kwa kamera, monga anachitira m'filimu ya Shemu Joyah yotchedwa The Last Fishing Boat, ya m'chaka cha 2012.

M'chaka cha 2013 anatulutsa filimu yawoyawo, No More Tears, yojambulidwa ku Lilongwe ndi m'mbali mwa nyanja ku Salima. Nkhani yake nja mtsikana amene mai ake amwalira ndi matenda a Edzi, iye n'kutsala akudwazika bambo ake. Bambowo atatsikira kuli chete, abale awo alanda chuma chonse, mwana n'kutsala padzuŵa. Palibe mudzi umene sudziŵa nkhani yotere. Lamulo loteteza chuma cha masiye linakhazikitsidwa m'chaka cha 2011, koma lamulo limakhala m'mabuku, pamene filimu imafika m'maso mwa wolanda ndi wolandidwa yemwe.

Ulemu waukulu unadza ndi filimu yotchedwa Lilongwe, ya m'chaka cha 2015. Chaka chotsatira, mumzinda wa Lagos ku Nigeria, filimuyi inapambana mphotho ya Africa Magic Viewers' Choice monga filimu yoposa zonse za kummwera kwa Africa, chigawo chimene muli maiko a ndalama ndi zipangizo zambiri kuposa Malaŵi. M'chaka cha 2018 filimu yawo ina, Nyasaland, inasankhidwa kupikisana nawo pa mphotho za Africa Movie Academy.

Wotsiriza sukulu asanyengedwe ndi mphothozi n'kuyesa kuti njirayi njosalala. Nyumba zoonetsera kanema m'dziko muno nzoŵerengeka, ndipo filimu ikangotuluka, akuba amaikopera ndi kuigulitsa mwini wake osalandirapo kanthu. M'timanyumba ta vidiyo ta pamisika ya kumidzi, mafilimu ochuluka ngochokera kunja. Wofuna kuloŵa ntchitoyi ayenera kudziŵa kulemba, kuŵerengera ndalama ndi kukambirana ndi anthu amalonda. Mai Chavula anakhazikitsa gulu lawo ali ndi luso la malonda m'manja, ndipo sukulu sanaithaŵe.

Akuluakulu anati mmera mpoyamba. Sukulu ya kumudzi ingasoŵe holo, magetsi ndi makatani, koma sisoŵa mthunzi wa mtengo, nkhani za m'mudzi ndi ana odziŵa kutsanzira mayendedwe a mfumu ndi malankhulidwe a wogulitsa kachewere. Chimene chimasoŵa kaŵirikaŵiri ndi mphunzitsi wololera kutsalira masana ena aŵiri pa mlungu, ndi kupita yekha kukapempha kwa makolo kuti mtsikana waluso aloledwe kuseŵera.