Mawu Aŵiri Ofanana Nkhope: Advice ndi Advise

 Madzulo ano tikambirana za mawu aŵiri a Chingerezi amene amapunthwitsa ngakhale anthu ophunzira bwino: advice, lolembedwa ndi c, ndi advise, lolembedwa ndi s.

Liwu loyambalo ndi dzina, ndipo limatanthauza malangizo. Lachiŵirilo ndi mneni, ndiye kuti kulangiza. Pa Chicheŵa palibe amene angasokoneze "malangizo" ndi "kulangiza", pakuti ma- ndi ku- amationetsa msanga liwu limene lili dzina ndi limene lili mneni. Koma pa Chingerezi kusiyana konseku kwagona pa lemba limodzi lokha.

Khutu lingakuthandizeni. Advice limathera ndi mvekero wa s, wonga umene uli koyambirira kwa "sala", pamene advise limathera ndi wa z, wonga wa mu "zala". Tamverani: "My uncle gave me good advice", amalume anandipatsa malangizo abwino. "My uncle advised me to wait", amalume anandilangiza kuti ndidikire. Mneni yekha ndiye amasintha potsata nthaŵi. Nchifukwa chake advised ndi advising salembedwa ndi c.

Msampha waukulu, umene ine ndimauona woopsa kuposa wa kalembedwewu, ndi wa kuchulukitsa. Ife timati langizo limodzi, malangizo ambiri, choncho dzanja limathamangira kulemba "advices". Iyayi. Mngerezi amaona malangizo monga ife timaonera madzi kapena ufa: saŵerengedwa kuti limodzi, aŵiri, atatu. Satinso "an advice". Akafuna kunena langizo limodzi amati "a piece of advice", ngati kuti wabenthulako chidutswa. Woŵerenga kalata yanu ya ntchito sakudziŵani nkhope. Akapeza "thank you for your advices" pa mzere woyamba, wayamba kale kukuyesani.

M'makalata a ku ofesi advise limatanthauzanso kudziŵitsa. "Please advise us of the date" sikupempha nzeru ayi, koma kuti muwauze tsiku.

Lamulo lomweli la c pa dzina ndi s pa mneni limagwiranso pa practice ndi practise, komanso licence ndi license, malinga ndi kalembedwe ka ku Britain kamene timatsata m'sukulu zathu. Kungoti pa mawu ameneŵa khutu silithandiza, poti amamveka chimodzimodzi. Mukakayika, ikanipo advice kapena advise m'malo mwake, mumve limene likukhala bwino.