Chipinda Chophatikiza pa Gemu ya Nkhondo

Banja likakula, mwini nyumba amaitana mmisiri kuti aphatikize chipinda kumbali. Chipindacho chimatsamira khoma lakale, denga lake limalumikizana ndi la nyumba yaikulu, ndipo sungachinyamule n'kukachiimika pachokha pabwalo. Chimene osewera magemu a pakompyuta amachitcha expansion pack n'chimodzimodzi. Chinkabwera pa disiki yakeyake, chotsika mtengo kusiyana ndi gemu yathunthu, koma sichinkayenda ngati gemu yoyambayo mulibe m'kompyuta. Zipinda zoterezi zinamangidwa zambiri pakati pa 2002 ndi 2004 pa magemu a Nkhondo Yachiwiri Yapadziko Lonse, aja amene umaona zonse ndi maso a msilikali, pasikirini pakungooneka manja ako ndi mfuti.

Medal of Honor: Allied Assault inatuluka kumayambiriro kwa 2002 kudzera ku kampani ya Electronic Arts. Imakumbukidwa chifukwa cha gombe la Omaha ku Normandy: boti likutseguka, zipolopolo zikuvumba, anzako akugwa usanaponde n'komwe mchenga, monga zinalili mu filimu ya Saving Private Ryan ya Steven Spielberg. Koma mbali yaikulu ya gemuyi umayenda wekha ngati Mike Powell, kuzemba alonda, kuba zikalata, penanso kuvala yunifolomu ya adani. Amene amakonda kuyenda mwakachetechete ndi kuganiza asanawombere amamva kukoma pamenepa.

Ndiye panachitika zimene zimachitika pomanga. Amisiri oposa 20 a kampani ya 2015 Inc., amene anamanga nyumbayi, anachoka n'kukayambitsa Infinity Ward, pakati pawo Vince Zampella ndi Jason West. Zipinda zinaphatikizidwa ndi anthu ena. Spearhead ya 2002 inatengera wosewera ku Normandy, kunkhalango ya Ardennes mpaka ku Berlin, mawu a Jack Barnes akulankhulidwa ndi Gary Oldman. Inali yokongola, koma ambiri anadandaula kuti imatha munthu akuyamba kumene kumva kukoma. Breakthrough ya 2003 inapita ku Kasserine Pass, ku Sicily ndi ku Monte Cassino. Zonse ziwiri ndi zipinda zogona zowonjezera: malo achuluka, koma khomo ndi lomwe lija, mayendedwe a m'nyumba ndi omwe aja.

Amisiri ochoka aja anatulutsa Call of Duty mu 2003 pansi pa Activision, ndipo anasintha chinthu chimodzi chachikulu: sukhalanso wekha. Uli m'gulu, anzako akukuwa, ena akufa pambali pako. Umasewera ngati msilikali wa America, wa Britain ndi wa Soviet Union. Powoloka mtsinje wa Volga kulowa mu Stalingrad amakupatsa zipolopolo zokha popanda mfuti, uone wekha kotola. Ine pamenepa ndi pamene ndimaimira. Mantha a munthu wopanda chida pakati pa phokoso amandigwira mtima kuposa ngwazi imodzi yogonjetsa gulu lonse la adani.

Chipinda cha nyumba imeneyi, United Offensive ya 2004, chinamangidwanso ndi mmisiri wina, Gray Matter Interactive. Iyeyu sanangowonjezera malo. Anaboola khoma n'kuika khomo latsopano, moti ngakhale nyumba yakale anthu anayamba kuiyenda mwina. Msilikali anatha kuthamanga mwaliwiro kwa kanthawi. Anatha kuchotsa pini ya bomba la m'manja n'kuligwirira pang'ono kuti likaphulike likangofika. Posewera ndi anthu ena pa intaneti panabwera akasinja ndi majipi, mabwalo akuluakulu, ndi maudindo okwera malinga ndi mmene wamenyera. Nkhani yake inadutsa ku Bastogne m'chipale chofewa, ku Kursk ndi ku Kharkov, komanso m'mimba mwa ndege ya B-17 momwe umathamanga kuchoka pa mfuti ina kupita pa ina ndege ikubooka. Amene ankakonda timabwalo tating'ono topanikizana sanasangalale ndi akasinjawo, ndipo mfundo yawo ndi yomveka: munthu wodziwa kulunjika mfuti amapwetekedwa mtima kuphedwa ndi wina amene wangokhala m'chitsulo.

Battlefield 1942 ya kampani ya DICE ya ku Sweden ndi nyumba ya mtundu wina, yopanda nkhani yotsatira. Anthu okwana 64 ankalimbirana mbendera ku El Alamein kapena ku Wake Island, wina pa ndege, wina pa sitima ya pamadzi, wina wapansi. The Road to Rome ya 2003 inawonjezera mabwalo a ku Italy. Secret Weapons of WWII ya chaka chomwecho inabweretsa zida zoyeserera, mpaka kachipangizo kobereka kumsana kowulutsa munthu. Okonda mbiri yeniyeni anaipidwa, okonda chisokonezo anaseka.

Vuto la zipinda zonsezi linali loko. Wopanda ndalama yogulira chipinda ankatsala panja anzake akalowa m'mabwalo atsopano, ndipo gulu la osewera linkagawanika. Kuyambira pa Modern Warfare ya 2019, Call of Duty inayamba kupereka mabwalo atsopano ulere n'kumagulitsa zovala za asilikali ndi zokongoletsa mfuti. Chipinda tsopano ndi chaulere, ukulipira penti.

Choncho musanafunse kuti expansion pack yabwino ndi iti, dziwani kaye nyumba imene mumaikonda, chifukwa chipinda sichikonza maziko. Wokonda kuyenda yekha atenge Allied Assault ndi zipinda zake ziwiri, sadzanong'oneza bondo. Koma pa zisanu zimene ndatchulazi, imene inayenera ndalama yake yonse ndi United Offensive.