Chakudya cha ana pa sukulu: agule ndani, kwa yani?

MWEZI wa Febuluwale ukamafika kuno ku Assumane, nkhokwe zambiri zimakhala zitayamba kale kuonetsa pansi. Chimanga chimakhala chili kumunda, chobiriwira bwino lomwe, koma chosadyeka. Nthawi yomweyonso ndi imene sukulu zimakhala zitangotsegulidwa kumene, ndipo mwana amadzuka m'mamawa, kusukusula, kutenga kope lake nkuuyamba ulendo m'mimba muli pululu. Funsani mphunzitsi aliyense zimene zimachitika dzuwa likakwera: ena amayamba kusinza, ena amapempha kupita kuseri osabwereranso.

Chodabwitsa nchakuti dera lino si losowa chakudya. Nyemba ndi mbatatesi za m'minda yozungulira Lichinga zimadzaza malole opita ku Cuamba ndi ku Nampula. Tsono palibe kholo limene lingakane kuti ana, makamaka a m'mabanja osauka, azilandira chakudya pa sukulu. Pamene pagona nkhani ndi apa: ndalama ikapezeka, ntchito yogula ndi kugawa chakudyacho ipatsidwe kwa yani? Maboma ambiri amaona chapafupi kuitula m'manja mwa kampani pa kontirakiti. Anzathu ena anayesa kale njira imeneyi, ndipo nkwabwino kuti timve m'mene anayendera.

Okonda mpira mukumudziwa Marcus Rashford, mnyamata amene anatchuka ku Manchester United. Iyeyu anakulira m'banja losauka ndipo ankadalira chakudya chaulere cha pa sukulu. M'chaka cha 2020 anakakamiza boma la ku England kuti lisaleke kuthandiza ana otere pa nthawi ya tchuthi. Koma mu Januwale 2021, sukulu zitatsekedwa kaamba ka matenda a Covid-19, makampani anapatsidwa ntchito yopereka maphukusi a chakudya kwa anawo. Mai wina anajambula phukusi limene analandira nkuonetsa dziko lonse: buledi mmodzi, mbatatesi ziwiri, karoti ziwiri, chitini chimodzi cha nyemba ndi tina tochepa. Atawerengetsa anapeza kuti zonsezo akanagula ndi mapaundi asanu kusitolo, pamene kampani ya Chartwells inati inalipiritsa mapaundi 10.50 pa phukusilo. Kampaniyo inapepesa. Ngati zotere zinachitika ku Ulaya, kumene pafupifupi kholo lililonse lili ndi foni yojambulira, nanga kwathu kuno angaone ndani?

Za ku Joni ndiye zinaposa apa. M'chaka cha 2023 akuluakulu a maphunziro m'chigawo cha KwaZulu-Natal, kumene kuli mzinda wa Durban, anapereka kwa kampani imodzi yokha ntchito yopezera chakudya sukulu zopitirira 5,000, ntchito ya ndalama zokwana R2.1 biliyoni. Poyamba ntchitoyi inkagwiridwa ndi amalonda ang'onoang'ono ambirimbiri a m'madera momwemo. Sukulu zitatsegulidwa, chakudya sichinafike m'malo ambiri, kwina chinafika chosakwanira, ndipo ana anaweruka ndi njala masiku angapo. Mapeto ake kampaniyo inasiya ntchitoyo ndipo akuluakuluwo anabwerera kwa amalonda akale aja. Wamalonda wa pamudzi akalephera, imagona ndi njala ndi sukulu imodzi, ndipo makolo amadziwa khomo lake. Ikalephera kampani imodzi ya chigawo chonse, mukadandaula kwa yani?

Musati ndikunena kuti kampani iliyonse ndi yakuba, ayi. Inu a ku Mandimba ndi ku Mecanhelas amene muli ndi abale kutsidya kwa malire mukulidziwa phala la m'sukulu za ku Malawi. Bungwe la Mary's Meals, limene anayambitsa Magnus MacFarlane-Barrow wa ku Scotland m'chaka cha 2002, linayamba ndi ana 200 okha, koma linakula mpaka kudyetsa ana oposa 1 miliyoni m'dzikomo. Ufa wa phalalo, wa chimanga ndi soya, umakonzedwa ku fakitale ndipo umabwera pa galimoto. Imeneyo ndi ntchito yoyenera kampani, pakuti chigayo cha pamudzi sichingathire mavitamini mu ufa. Koma matumba akatsitsidwa pa sukulu, owerenga, osunga ndi ophika ndi anthu a m'mudzi momwemo. Thumba likasowa, pamakhala maso ambiri oti aone.

Apa ndipatuke pang'ono. Amai amene amaphika phalali amalawirira kusanache, ndipo sapatsidwa malipiro. Timawayamikira pakamwa, koma tikamanena kuti njira imeneyi ndi yotchipa tizikumbukira kuti yatchipira pa msana pa amaiwa, amene asiya khasu kumunda kwao.

Tibwere kwathu tsopano. Boma la Mozambique linavomereza pologalamu yake ya chakudya cha pa sukulu, yotchedwa PRONAE, m'chaka cha 2013. Inayamba moyesera m'sukulu 12 za m'zigawo za Gaza, Manica, Nampula ndi Tete, mothandizidwa ndi dziko la Brazil ndi bungwe la chakudya pa dziko lonse la WFP, lija timalitchula kuti PMA. M'chaka cha 2017 dziko la Russia linavomera kuti ngongole ya madola 40 miliyoni imene Mozambique inayenera kubweza igwiritsidwe ntchito yodyetsa ana 150,000 kwa zaka zisanu kudzera ku bungwe lomweli. Ndalama ndi yambiri ndithu, koma inafikira sukulu mazana ochepa chabe m'dziko la sukulu za pulayimale zopitirira 10,000.

Maganizo a PRONAE ndi abwino zedi: chakudya chigulidwe kwa alimi a m'dera limene muli sukuluyo, kuti ndalama ya mwana ithere m'thumba la kholo lake. Nzeru imeneyi inachokera ku Brazil, kumene lamulo la m'chaka cha 2009 linati pa ndalama 100 zilizonse zimene boma lalikulu latumiza za chakudya cha pa sukulu, zosachepera 30 zigule mbewu za alimi ang'onoang'ono. Koma akatswiri a bungwe la FAO amene anaunika kuyesera kwa kuno, m'lipoti lao la 2017, anaonetsa kuti kugula mwachindunji kwa alimi ang'onoang'ono kunavuta, ndipo chimodzi mwa zopinga zazikulu chinali malamulo a kagulidwe ka katundu wa boma.

Taonani m'mene zimakhalira. Ndalama ya boma siituluka popanda mapepala. Wogulitsa ayenera kukhala ndi nambala ya msonkho ya NUIT, akaunti ya ku banki ndi factura yovomerezeka. Ayeneranso kulonjeza kuti adzabweretsa muyeso wakutiwakuti pa tsiku lakutilakuti, nkudikira malipiro pambuyo. Mai wa ku Assumane amene wakolola matumba atatu a nyemba alibe zonsezi, ndipo sangadikire pamene mwana akudwala ndipo pakhomo palibe mchere. Ndiye amagulitsa kwa venda amene wabwera ndi sikelo yake pa msewu, pa mtengo wa nthawi yokolola. Vendayo amatula kwa wamalonda wa m'tauni amene ali ndi mapepala onse, ndipo wamalondayo ndiye amapambana concurso. Nyemba zomwe zija zikhoza kubwerera pa sukulu ya mwana wa mai uja zitakwera mtengo kawiri. Palibe waba pamenepa, zonse zatsata lamulo, koma phindu ladutsa pamutu pa mlimi.

Khomo lolowera lilipo, ngakhale ambiri sitilidziwa. Lamulo la Decreto-Lei 2/2006 limalola alimi osachepera khumi kulembetsa bungwe lao la ulimi ku boma la distrito kapena ku posto administrativo, osapita ku Maputo. A ku ofesi ya zaulimi ya SDAE ndi amene amalongosola kalembedwe kake, ndipo NUIT imaperekedwa mwaulere ku ofesi ya msonkho. Alimi khumi kapena makumi awiri akaphatikiza matumba ao amakwanitsa muyeso umene sukulu ingafune, ndipo wina akaperewera mnzake amakwaniritsa. Vuto la kudikira malipiro silitha ndi pepala, limenelo ndi lofunika kulikambirana poyera ndi a maphunziro a pa distrito, asanasainirane chilichonse.

Enanso ofunika kudzuka ndi a Conselho de Escola. Makolo ambiri timangowakumbukira pakagwa khoma la kalasi. Kumene chakudya chikuperekedwa, kaya wabweretsa ndi kampani kaya ndi bungwe la alimi, anthu amenewa ali ndi chifukwa chofunsira kuti pepala likuti makilogalamu angati, mtengo wake ndi wotani, ndipo aone thumba likukwera pa sikelo asanasaine. Wamkulu wa sukulu wachilungamo sangakwiye nazo, pakuti zimamuchotsera mphekesera. Sikelo yopachika yomwe ija mavenda amapimira nyemba zathu ndi yokwanira pa ntchito imeneyi, ndipo pa msika wa ku Lichinga imagulitsidwa.